Matayala a Kakowa ndi Msana wa a Mbewe

Pfupajena, Chegutu
6 Meyi 2024

Wokondedwa mwana wanga Mazvita,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kadomako pamodzi ndi ntchito yako ya mawaya ku mgodi. Ife kuno tilipo. Amayi ako akudandaula bondo, ine ndikudandaula amayi ako. Usandiseke kuti ndikulemba kalata pamene Kadoma ndi pamphuno pomwepa. Ukudziwa kuti zaka makumi atatu ndi chimodzi pakati pa makina oluka nsalu zinandidyera makutu, moti pafoni ndimangoyankha kuti "eya, eya" ngakhale munthu akundiuza za maliro. Kalatayi ndapatsa Tinevimbo, dalaivala wa kombi yoyera ija, akupatsira pa renki ya makombi.

Khazika mtima pansi, mari, ndalama zako, sindikupempha. Ndikupempha nzeru.

Kakowa wagwa. Ndikunena ndege yanga yoyera ija, imene uli mtsikana unkati ndimaikonda kuposa iwe. Zinachitika Loweruka pa 27 Epulo kupulazi ya ku Selous, kumene timaulutsira ndege zathu za rimoti. Ukukumbukira kuti Kakowa ali ndi matayala atatu, awiri pansi pa mapiko, limodzi kutsogolo, ndipo akanyamuka matayalawo amapindika n'kulowa m'mimba. Pofuna kutera ndimakankha swichi kuti atsike. Vuto n'lakuti swichi imangonena zimene ine ndalamula, sinena zimene matayala achita. Kutuma munthu ndi kwina, kufika kwake ndi kwinanso. Tsiku limenelo awiri anatsika, lakutsogolo linakana chifukwa njere za chisoso zinali zitadzaza m'kabowo kake. Kakowa anatera chamutu, pulopela inathyoka, mphuno inang'ambika.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amayi ako ndi amene akhala akundiwerengera matayala. Ine maso amakhala pa mapiko ndi mphepo, iwo amaima kumbuyo kwanga, ndege ikamadutsa chapansi amandigogoda pamsana, tayala limodzi kamodzi. Kukakwana katatu ndiye kuti ndingatere. Kulankhula sikuthandiza, popeza ine ndi khutu tinasiyana kalekale.

Tsopano a Chilungamo, wapampando wa gulu lathu, ali ndi rimoti imene ndege imaiuza zonse zochitika m'mimba mwake ili m'mwamba. Akuti dzina lake ndi telemetiri. Iwe ndi wa zamagetsi, undipezere zoterozo za matayala, kuti amayi ako asamapse ndi dzuwa pa msinkhu wawo.

Koma usawauze kaye. Ndiwauza ndekha nthawi ikakoma.

Ndine bambo ako,
Stefano Mbewe

*

Rimuka, Kadoma
12 Meyi 2024

Baba,

Makadii? Ine ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, inanunkha dizilo ya Tinevimbo. Chichewa changa mukuchidziwa, ndi cha theka, mukapeza Chishona pakati mungochilumpha ngati chithaphwi.

Pepani za Kakowa. Sindinanene kuti mumamukonda kuposa ine, ndinati iye ali ndi chipinda chake pamene ine ndinkagona ndi matumba a chimanga.

Zinthu zimene mukufuna zilipo. Rimoti yanu yakale ija imangolamula, siimva zobwerera, ndiye mnzanga Roselyn akubweretsa ina kuchokera ku Joni Lachisanu. Pabweranso tizipangizo titatu tating'ono ngati nyemba, kalikonse ndi kamaginito kake. Maginito mumata pa mwendo wa tayala, kachipangizo mumata pamene mwendowo umafika ukatsika n'kuloka. Ziwirizi zikakumana, uthenga umapita ku kabokosi ka m'ndege, iko n'kuubweza pansi ku rimoti. Pasikirini pamayaka timadontho titatu, ndipo rimoti imalankhula kuti tayala lakutilakuti latsika, kapena silinatsike.

Chenjezo limodzi, Baba. Maginito musamate pa kamota kamene kamakankha mwendo. Kamota kakhoza kuzungulira bwinobwino mwendo utakakamira pakati, rimoti n'kukunamizani. Mumate pa mwendo weniweniwo.

Za kuwabisira Mhamha, ine ndasamba m'manja. Munthu amene ankadziwa kuti ndaba shuga pongondiyang'ana pachipumi, inu mumubisira bokosi? Komanso zaka zonsezi sindinawamvepo akudandaula dzuwa la ku Selous. Amachita kuchapa duku yawo Lachisanu. Kodi pali china chimene simunalembe?

Mwana wanu,
Mazvita

*

Rimuka, Kadoma
26 Meyi 2024

A Mbewe,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino inu ndi mlendo wanu.

Musandifune kutchalitchi kapena kwa aneba. Ndili kwa Mazvita, ndinakwera kombi dzulo inu mutapita kukagula guluu.

Bokosi lija Tinevimbo anandipatsa ine m'manja Lolemba, inu muli kometa. Ndinalitsegula chifukwa m'nyumba mwanga simulowa bokosi limene ine sindilidziwa. Nditakhudza batani, mkazi analankhula Chingerezi chosalala ngati wa kubanki. Ndinadikira masiku anayi kuti mundiuze nokha kuti ndi ndani. Munkangolowa naye m'chipinda cha Kakowa n'kutseka chitseko. Nditakufunsani Lachisanu munati, "Naphiri, ameneyu aziwerenga matayala, inu mupume."

Kupuma ndinapuma kale pamene ndinasiya ntchito kufakitale. Zaka makumi awiri ndi zinayi ndinaima pa tebulo loyendera nsalu, ulusi umodzi wolumpha sunandidutse, mpaka mafolomani ankati nsalu imene yadutsa m'maso mwa Enelesi ingapite kwa mfumukazi. Nsalu zoluka makina anu omwewo ndi zimene ndinkabweza, ndipo ndi mmene munandidziwira, mutabwera kudzakangana nane. Kenaka zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndakhala kumbuyo kwa lole ya anzanu a Yakobo nditakumbatira phiko ngati khanda, fumbi m'kamwa, tiyi m'fulasiki. Akazi anzanga Loweruka amapita kumaukwati, ine ndimapita kukagogoda msana wa munthu wamkulu. Sindinadandaule chifukwa ndinkakondwa nazo. Ndanena poyera, ndinkakondwa nazo, ndipo zandipweteka.

Ndege munagwetsa ndinu, munavomera nokha pamaso pa anthu kuti munatera ndi liwiro. Nanga wochotsedwa ntchito akhala bwanji ine?

Ndiye ndabwera kudzapuma monga munalamulira. Mapiritsi anu a BP ali pamwamba pa firiji, limodzi m'mawa. Mfutso uli m'chitini chobiriwira. Nkhuku yakuda ikuikira kuseri kwa thanki, musaisokoneze. Ngati mkazi wa mu rimoti amadziwanso kuphika sadza, nsima yanu ija, zonse zikuyenderani bwino.

Mukafuna nkhoswe, amene watsala wamoyo ndi a Yakobo okha ku Chinengundu. Mukawafuulire kukhutu lamanzere.

Ndine,
Naphiri

*

Pfupajena, Chegutu
29 Meyi 2024

Naphiri,

Moni kwa inu ndi mwana. Kalata yanu yafika. Zilembo zake n'zazikulu ngati za pa thumba la feteleza, ndaona kuti mkwiyo unali wokwanira.

Mwandimva molakwa. Palibe amene wachotsedwa ntchito. Ndimangofuna kuti makina akuthandizeni, popeza makina satopa, saphethira, ndipo dzuwa siliwathobwa m'maso. Sindikunena kuti inu mumatopa. Ndikungonena kuti makina satopa.

Mphuno ya Kakowa ndamaliza kumata. Tizipangizo tija ndaika titatu tonse. Mwana wanu anandilembera phunziro lalitali la pomata maginito, ngati akuphunzitsa munthu amene sanagwirepo sipanala. Mumuuze kuti pa makina oluka, kachitsulo koimitsa makina kankapachikidwa pa ulusi weniweni, osati pa mota. Ulusi ukaduka, iko kagwa, makina aima. Zimenezi ndinkazidziwa iye asanabadwe. Ndayesa patebulo, Kakowa nditamugoneka chagada pa mitsamiro yanu iwiri ija. Ndikagwira tayala lakutsogolo ndi chala kuti lisafike, kadontho kake sikayaka. Ndikalisiya, kayaka. Ndayesa kokwana makumi anayi, makinawa sanalakwitse ngakhale kamodzi. Mukanaona mukanakondwa.

Sadza ndikuphika, kungoti ikumatuluka ndi mibulu. Nkhuku yakuda yandijompha. Sefa ya tiyi mumaika kuti?

Kwa a Yakobo sindinapite. Milandu ya zaka makumi anayi ndi ziwiri za ukwati siyoyenera kufuula pamsewu wa ku Chinengundu.

Bwerani kunyumba, Naphiri. Loweruka lapitali sindinapite ku Selous. Ndinavala chipewa, ndinafika pageti, ndinabwerera. Msana wanga ukuzizidwa.

Mwamuna wanu,
Stefano

*

Rimuka, Kadoma
16 Juni 2024

Baba,

Makadii? Ndaona Tinevimbo akundizemba pa renki, akuti mwamutopetsa ndi kumufunsa ngati pali yankho. Milungu itatu yatha, ndiye ndikuuzeni chifukwa chake yankho kulibe.

Mhamha kalata yanu sanawerenge. Poyamba ndinkayesa ndi matama. Anailandira, anaiika m'Baibulo, tsiku lililonse amaitulutsa, amapita nayo pawindo, amaitembenuza, n'kuibweza. Ndikafunsa amati, "Zilibe mutu zimene alemba bambo ako." Dzulo ndinawapeza ataigwira chozondotsa.

Nditaona zimenezo ndinakumbukira zina. Singano amandipatsa ine kuti ndilowetse ulusi, amati manja awo ndi a mafuta. Lamulungu lapitali anapereka moni wa ulemu wonse kwa jekete la abusa limene linali pa mpando. Potsika sitepe amayamba afufuza ndi phazi. Zilembo zazikulu za m'kalata yawo ija sizinali za mkwiyo, Baba.

Sindinawauze kuti ndaona. Mukuwadziwa, ukawakhudza za maso ndiye kuti wawakhudza pa mtima. Koma inu mundiuze zoona. Pa 27 Epulo chinachitika n'chiyani? Ine ndine wa mawaya, ndikudziwa kuti tayala lokakamira ndi chisoso ndi nkhani ina, kutera ndi liwiro ndi nkhani inanso. Kwa ine munalemba ina, kwa anthu munanena ina.

Mundiuzenso ngati mkazi wa mu rimoti wayamba ntchito.

Mwana wanu,
Mazvita

*

Pfupajena, Chegutu
19 Juni 2024

Mazvita,

Moni mwanawe. Kalata yako ndawerenga nditakhala pansi, ndipo zinathandiza kuti ndinali nditakhala.

Ndiyambe ndi funso lopepuka. Mkazi wa mu rimoti anayamba ntchito Loweruka pa 15. Iwe ndi ine, anthu a nzeru awiri, tinaiwala chinthu chimodzi. Mkaziyo amalankhula, ine sindimva. Patebulo ndinkayang'ana timadontho, koma ndege ili m'mwamba munthu suchotsa maso ngakhale kuphethira kawiri. Ndinazindikira zimenezi tili kale m'lole, ndiye ndinapempha a Yakobo kuti aime pambali panga azindimvera. Ndinaiwalanso kuti a Yakobo anakhala pa makina oluka zaka zinayi kuposa ine.

Kakowa ananyamuka bwino, anazungulira katatu, ndinakankha swichi. Ndinafuula kuti, "Yakobo, wati chiyani?"

Iwo anafuula kuti, "Ndani?"

"Mkaziyu."

"Sanabwere, ali ku Kadoma."

Zimenezi anandifotokozera pambuyo pake ndi anthu amene ankagubuduzika ndi kuseka, ine panthawiyo sindinamve kanthu. Ndinaweramitsa maso pasikirini, dzuwa linali litathirapo, ndinapendeketsa rimoti kuti ndione. Pokweza mutu, Kakowa anali akulunjika kumene timaimika magalimoto. Ndinamukhotetsa mwamwayi, anakagwera m'ziputu za thonje, phiko lamanja linasweka kunsonga. Titakamutola, matayala onse atatu anali atatsika bwinobwino. Mkazi uja ankanena zoona, kungoti panalibe womumva. A Chilungamo anandiitanira pambali n'kundilembera papepala kuti sindiulutsanso popanda munthu wakumva kumbuyo kwanga. Sanalakwe. Walira mvula walira matope.

Tsopano funso lako lolemera. Pa 27 Epulo amayi ako anandigogoda katatu. Kamodzi, kawiri, katatu, mosakayika ngati masiku onse. Ndinatera ndi mtima wonse. Ndege itagubuduzika ndinatembenuka, ndinawapeza akumwetulira, akudikira kuti Kakowa abwere akuyenda pa udzu. Sanaone n'komwe kuti wagwa. Anthu atathamangira anandifunsa kuti, "A Mbewe, chachitika n'chiyani?" Ndinayang'ana maso awo, ndinaona kamtambo koyera kamene ndakhala ndikudziuza kuyambira chaka chatha kuti ndi kuwala chabe. Pamenepo ndinanena mokweza kuti ndatera ndi liwiro, mwendo n'kupindika.

Ndikanatani? Ndiuze Enelesi wa pa tebulo la nsalu, pamaso pa amuna khumi, kuti sanaone tayala? Ndinaganiza kuti ndikagula makina, iwo azingokhala pa mthunzi ndi tiyi wawo, osadziwa kuti analakwitsapo. Ndinkafuna kuwasungira ulemu, ndawathamangitsa panyumba. Ndili ndi mantha, mwanawe, osati a ndege. Ndikuopa kuti adzasiya kundiona ine ndisanapeze mawu owauzira.

Iwe ndi amene uli nawo pafupi. Uchite zimene ukuona kuti n'zabwino.

Bambo ako,
Stefano

*

Rimuka, Kadoma
23 Juni 2024

A Mbewe,

Moni. Akulemba ndi Mazvita, mawu ndi anga. Ndamuuza kuti akawonjezera kapena kuchotsa ndidzadziwa.

Wandiwerengera makalata anu onse awiri, yanga ndi yake yomwe. Pa ya makina osatopa ndinatsala pang'ono kumuuza kuti aiponye mumbaula. Mwamwayi anapitiriza mpaka pa msana wozizidwa. Munthu wanzeru akanayamba ndi pamenepo, koma inu mumasunga nyama pansi pa mbale.

Nkhani ya a Yakobo yandiseketsa mpaka bondo linaiwala kupweteka. Agonthi awiri ndi mkazi wolankhula Chingerezi. Ndikanapereka nkhuku yakuda kuti ndikhalepo.

Tsopano mumve. Mwandinamiza miyezi iwiri, ndipo zimenezo tidzakambirana pamaso, inu mukuyang'ana pakamwa panga kuti musaphonye liwu. Koma inenso ndakunamizani chaka chathunthu. Matayala a Kakowa ndinasiya kuwaona kalekale. Ndege ikamadutsa ndimangoona chinthu choyera m'chifunga. Ndinkawerenga ndi khutu. Chipinda choyendera nsalu chinali kutali ndi makina anu, makutu anga anapulumuka. Mukakankha swichi, timota tija timalira, ndipo ine ndimatimva ngakhale ndege ili pamwamba pa mabulugamu. Tikalira n'kusiya, ndimagogoda katatu. Tsiku lija tinalira monga mwa masiku onse. Mazvita akuti ndinachita ndendende zimene anakuletsani, ndinamata maginito pa mota. (Baba, sindinanene choncho, ndinanena mwaulemu. M.)

Ndinkaopa kuti ndikanena mudzandisiya kunyumba Loweruka. Inu munkaopa kuti mukanena ndidzachita manyazi. Taonani tsopano, ndege yathyoka kawiri, inu mukudya mibulu, ine ndikupereka moni kwa majekete.

Lachinayi mwanayu anandikokera kuchipatala cha maso. Akuti ndi ng'ala, maso onse awiri, ndipo amachotsa. Ayamba ndi lamanja mu Ogasiti. Ndinalira pang'ono pobwerera, osati chifukwa cha mpeni, koma chifukwa dokotala ananena ngati nkhani ya tsiku ndi tsiku chinthu chimene ine ndachisenza ndekha chaka chonse.

Ndibwera Lachitatu. Mazvita wandigulira kawaya kolowetsa mu rimoti, mbali ina n'kuika m'khutu. Mkazi wanu uja azilankhula ndi ine, ine ndizilankhula ndi msana wanu. Iye ndi wantchito, ine ndi folomani, zimveke kuyambira pachiyambi. Mitsamiro yanga muichotse pansi pa ndege. Sefa ili pa msomali kuseri kwa chitseko, pamene yakhala kuyambira 1994.

Ndine mkazi wanu,
Naphiri

*

Pfupajena, Chegutu
14 Julayi 2024

Mazvita,

Moni wochokera kwa ife awiri. Amayi ako anafika bwino. Mlandu unakambidwa masiku awiri, ine ndikuyang'ana pakamwa monga ndinalamulidwira. A Yakobo anabwera ngati nkhoswe, anagwedeza mutu pa mfundo zonse za mbali zonse, anadya nkhuku, n'kumapita. Sinali yakuda.

Dzulo tinapita ku Selous. Phiko ndinali nditalikonza. A Chilungamo anayang'ana kawaya kochoka mu rimoti yanga kupita m'khutu la amayi ako, anafunsa ngati iwo amamva Chingerezi cha mkaziyo. Amayi ako anayankha kuti anagwira ntchito ndi mafolomani a ku Manchester a Chilungamowo akadali kuyamwa. Tinaloledwa.

Kawayako n'kakafupi, sikakwana mita. Ndikasuntha, iwo asunthe. Ndinawauza kuti tsopano sangathawirenso ku Kadoma, anandiponda phazi.

Kunali kamphepo ka kum'mawa. Kakowa ananyamuka, matayala analowa, ndinamuzungulitsa kanayi. Ndinakankha swichi n'kudikira. Pamsana panagogodedwa kamodzi, kawiri, basi. M'malo mwa kachitatu anandipinda chikopa cha m'nthiti ndi zala, kutsina kwenikweni kwa mkazi wa zaka makumi anayi ndi ziwiri m'banja. Ndinadziwa kuti lakutsogolo lakananso. Ndinakweza ndege, ndinalowetsa matayala onse, ndinawatsitsanso. Kamodzi, kawiri, kenaka kanthawi kamene ndinakalamba nako chaka chathunthu, kenaka kachitatu. Kakowa anatera ngati akuponda mazira, anayenda pa udzu mpaka pamapazi athu.

Nditayang'ana m'kabowo ndinapeza kuti sipulingi yafooka, osati chisoso chokha. Ndasintha lero. Amayi ako akuti timota tinalira bwinobwino ulendo woyamba uja, ndipo akanakhala okha akanagogoda katatu. Anena okha, ine sindinawafunse. Akuti mkazi wa mu rimoti ndi wantchito wabwino, kungoti amalankhula ngati wamwa tiyi wopanda shuga.

Tatenda, mwanawe, ndiko kuti zikomo. Ndalemba m'Chishona kuti umve.

Bambo ako,
Stefano

*

Rimuka, Kadoma
11 Ogasiti 2024

Baba,

Makadii? Mhamha akuyenda bwanji ndi diso? Musawalole kuwerama pa mbaula kapena kusenza ndowa, ndipo mankhwala odontheza ndi kanayi pa tsiku, osati pamene akumbukira.

Ndili ndi manyazi pang'ono. Roselyn anabwera dzulo, ndinamufotokozera za inu ndi a Yakobo, anaseka kenaka anandifunsa chifukwa chake sitinangoyatsa kunjenjemera. Rimoti imeneyo ili ndi kamota m'kati ngati ka foni. Ikhoza kukunjenjemererani m'manja, kamodzi pa tayala lililonse, osafuna khutu la munthu. Ine wa mawaya sindinawerenge buku lonse. Safunsa anadya phula.

Ndibwera Loweruka likubwerali ndidzakukonzereni, ndi ntchito ya mphindi zisanu. Tikawaonetsa a Chilungamo akhoza kukulolani kuulutsa nokha, Mhamha azikhala pa mthunzi mpaka maso onse awiri atapola.

Mwana wanu,
Mazvita

*

Pfupajena, Chegutu
14 Ogasiti 2024

Mazvita,

Moni. Diso likupola. Anachotsa thonje Lachisanu, chinthu choyamba kuona chinali chakuti makatani ndi akuda ndipo ine ndakalamba. Mankhwala ndikudontheza ndine, nthawi yake.

Loweruka ubwere, tikusowa. Koma rimoti usaikhudze. Za kunjenjemerazo zili pa tsamba 47 la buku. Ndinazipeza Lachisanu pa 21 Juni, patangopita masiku awiri nditakulembera kalata yolira ija. Ndinayesa patebulo, zinagwira ntchito bwinobwino, katatu m'manja. Ndinakhala ndikuiyang'ana rimotiyo mpaka tiyi anazizira, kenaka ndinazimitsa n'kutseka buku. Kuulutsa ndekha ndinayesa kale, ndinafika pageti n'kubwerera.

Amayi ako usawauze. Ulendo uno ndikunenetsa.

Bambo ako,
Stefano

Mazvita, ndi amayi ako. Ndikulemba ndekha, taona zilembo zabwerera mwakale. Bambo ako asiya kalatayi patebulo osamata, apita kukaona ngati kombi ya Tinevimbo yafika. Akuiwala kuti m'nyumba muno muli diso tsopano. Limodzi lokha, koma lawerenga zonse mpaka tsamba 47.

Asadandaule, ndinadziwa kale. Mwezi watha ku Selous anandipatsa rimoti kuti ndiwagwirire akumanga nsapato, batire litachepa inandinjenjemera m'manja ngati mwanapiye. Chinthu chimene chinganjenjemere chifukwa cha batire chinganjenjemerenso chifukwa cha tayala, zimenezo sizifuna sukulu ya mawaya. Ndinangodikira kuti ndione ngati adzayatsa. Milungu inayi yatha, sanayatse.

Diso lachiwiri likadzapola ndidzakhala ndi mboni ziwiri, maso anga ndi mkazi wa m'khutu, ndipo Kakowa sadzateranso chamutu. Iwe ubwere ndi matimati a ku Rimuka, sipanala usiye konko. Kalatayi ndimata ndekha, ndipo usawauze kuti ndikudziwa. Rimoti ndi yawo, ndege ndi yawo, koma msanawo wogogodapo ndine.